Mmene mungatsegulire mafayilo a pa seva mu pulogalamu iliyonse ya pa Linux

Funso ili landipeza kambirimbiri, ndipo limabwera ndi mawu pafupifupi omwewo: "Foda ya pa seva ndikuiona bwinobwino mu Files, koma ndikalowa mu pulogalamu yanga n'kudina Open, kulibe. Yapita kuti?" Wina amati fayilo imatseguka, koma akati asunge zimene wasintha kompyuta imakana. Winanso amati dzulo zinkayenda, lero wayatsa kompyuta wapeza zonse zasowa. Madandaulo atatuwa muzu wake ndi umodzi, choncho ndalemba yankho kamodzi kuti wofunsa aliyense ndizingomulozera pano.

Muzuwo ndi uwu: pulogalamu yoonera mafoda ikaiona seva, sindiye kuti kompyuta yonse yaiona. Files ya pa desikitopu ya GNOME imalankhula ndi seva kudzera mwa mkhalapakati wotchedwa GVfs, ndipo Dolphin ya pa desikitopu ya KDE ili ndi wake wotchedwa KIO. Mapulogalamu amene anapangidwa kuti azimvana ndi akhalapakatiwa amaiona fodayo. Ena onse amangodziwa njira ya fayilo yoyamba ndi chizindikiro cha `/`, ndipo adiresi yoyamba ndi `smb://` kwa iwo ndi yachilendo. Ntchito yathu yonse ndi kuipatsa foda yakutaliyo njira yotere.

Tigwirizane kaye mawu. Ndikati seva ndikunena makina alionse amene akugawa mafayilo, kaya ndi kompyuta ya Windows, NAS (kabokosi kosungira mafayilo pa netiweki) ngati ya Synology kapena QNAP, kapenanso Linux ina yokhala ndi Samba, pulogalamu yogawira mafayilo. Foda imene sevayo yalola kuti ena azilowamo amaitcha share, ndipo ine ndiziti foda yogawana. SMB ndiye chilankhulo chimene makinawa amagwiritsa ntchito pogawana mafayilo, ndipo chimadutsa pa port 445. Mukaona mawu oti CIFS musasokonezeke, ndi dzina lakale limene linatsalira m'malamulo a Linux. Kuchita mount ndi kumangirira foda yakutali pa foda ya m'kompyuta mwanu, kuti wotsegula yanuyo aone za m'kati mwa inayo.

1. Pezani adiresi yeniyeni, kenako onani ngati seva ikuyankha

Anzanu a pa Windows akupatsani adiresi yolembedwa chonchi: `\\192.168.1.20\mafayilo`. Pa Linux timizere timeneto timapendekera mbali ina. Mu Files kapena Dolphin mulemba `smb://192.168.1.20/mafayilo`, ndipo mu Terminal, zenera lolembamo malamulo, mulemba `//192.168.1.20/mafayilo`. Akakuuzani kuti "zili pa Z", afunseninso, chifukwa chilembo chimenecho ndi cha pa kompyuta yawo yokha, sevayo sichidziwa.

Ikani zida ziwiri. Pa Debian, Ubuntu ndi Mint:

`sudo apt install cifs-utils smbclient`

Pa Fedora:

`sudo dnf install cifs-utils samba-client`

Tsopano funsani seva kuti ikugawa chiyani:

`smbclient -L //192.168.1.20 -U dzinalanu`

Mukaona mndandanda wa mafoda, ndiye kuti netiweki, dzina ndi pasiwedi zonse zili bwino, ndipo vuto lililonse limene mungakumane nalo kutsogoloku lili mbali yanu. Ikakana, musapitirire. Dzina ndi pasiwedi zofunika pano ndi za akaunti ya pa sevayo, osati zimene mumalowera pa Linux. Ngati sevayo ndi kompyuta ya Windows, PIN imene mwini wake amalemba poyatsa sigwira, pafunika pasiwedi yeniyeni ya akaunti. Ambiri amakodwa apa.

Musadabwenso mukadina Network n'kupeza mulibe kanthu. Njira yakale imene makompyuta ankaonerana pamndandanda umenewu inkadalira SMB1, mtundu woyamba wa SMB, imene masiku ano inazimitsidwa pa makina ambiri. Seva ikhoza kusaoneka pamenepo koma ili moyo. Lembani adiresi nokha.

2. Lumikizani kudzera mu Files kapena Dolphin

Dinani Ctrl ndi L pamodzi, lembani adiresi ya `smb://` ija, dinani Enter. Ikufunsani dzina, pasiwedi ndi domain. Panyumba domain imakhala WORKGROUP, pomwe kuntchito mufunse oyang'anira makompyuta. Ikatseguka, mu Files dinani Ctrl ndi D kuti ikhale pamndandanda wa m'mbali. Files ikanena kuti adiresiyo siyidziwa, ikani `gvfs-backends` pa Debian ndi Ubuntu, kapena `gvfs-smb` pa Fedora.

Ngati ntchito yanu ndi kukopera fayilo apa ndi apo, kapena kutsegula kalata mu LibreOffice, mukhoza kuthera pompano.

3. Pezani kumene fodayo yabisala

GVfs imachita kanthu kena mwakachetechete. Foda iliyonse imene mwalumikiza imaiikanso pa njira wamba, kuti mapulogalamu osamva `smb://` aipeze. Lembani:

`ls /run/user/1000/gvfs`

Nambala 1000 ndi ya akaunti yanu. Pa Ubuntu, Debian ndi Fedora munthu woyamba kulembetsedwa pa kompyuta amapatsidwa imeneyi, koma tsimikizani polemba `id`. M'katimo muona dzina lalitali ngati `smb-share:server=192.168.1.20,share=mafayilo`. Imeneyo ndi foda yanu ija. Mukapeza mulibe kanthu chonsecho mwalumikiza kale, ikani `gvfs-fuse`, tulukani mu akaunti, lowaninso. Pa KDE ntchito yomweyi imagwiridwa ndi `kio-fuse`, ndipo foda yake imakhalanso mu `/run/user/1000`.

Pa zenera la Open la pulogalamu yovutayo, lembani njira imeneyi. Kuti musamailembe tsiku lililonse, ikani cholozera m'foda yanu ya Home:

`ln -s /run/user/1000/gvfs ~/netiweki`

Njira iyi ili ndi malire ake, ndipo ndi bwino muwadziwiretu. Imakhalapo pokhapokha mwalowa mu akaunti n'kulumikiza, mukatuluka imachoka. Ndi yanu nokha, moti ngakhale lamulo loyendetsedwa ndi `sudo` limakanizidwa kulowamo, n'chifukwa chake mapulogalamu a backup oyenda ngati root (akaunti yoyang'anira kompyuta yonse, imene `sudo` imagwiritsa ntchito) saiona. Mapulogalamu ena amasokonezeka ndi zizindikiro za `:` ndi `,` zimene zili m'dzina lija. Ndipo pa mafayilo akuluakulu, monga a vidiyo, kawirikawiri imachedwerapo. Ngati fodayi mumaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, langizo langa ndi loti muchite mount yeniyeni.

4. Chitani mount pamanja kaye

Musathamangire ku `/etc/fstab`. Yesani pamanja, pomwe cholakwika chilichonse chikuonekerani pompo. Pangani foda yopanda kanthu yomangirirapo:

`sudo mkdir /mnt/mafayilo`

Kenako pangani fayilo yosungira dzina ndi pasiwedi:

`sudo nano /root/.smbcred`

Lembanimo mizere itatu:

`username=dzinalanu`
`password=pasiwediyanu`
`domain=WORKGROUP`

Musasiye mpata kutsogolo kapena kumbuyo kwa `=`, musaike pasiwedi m'timakoma togwira mawu, ndipo kumapeto kwa mzere kusatsale mpata wosaoneka. Itsekeni kuti root yekha aziiwerenga:

`sudo chmod 600 /root/.smbcred`

Malangizo ena amati mulembe pasiwedi mu `/etc/fstab` momwemo. Musatero. Fayilo imeneyo munthu aliyense wokhala ndi akaunti pa kompyutayo amatha kuiwerenga, komanso pasiwedi yokhala ndi chizindikiro cha `,` imaduka pakati. Tsopano:

`sudo mount -t cifs //192.168.1.20/mafayilo /mnt/mafayilo -o credentials=/root/.smbcred`

Ikapanda kunena kalikonse, zatheka. Ikadandaula, werengani nambala yake. Nambala 13 ndiye kuti seva yakana dzina, pasiwedi kapena domain. Nambala 2 kawirikawiri ndiye kuti dzina la foda yogawana mwalilemba molakwika. Nambala 115 ndiye kuti kompyuta yanu sikuifikira seva, mwina adiresi ndi yolakwika, kapena firewall yatseka port 445, kapena VPN simunayatse. Manambala 112 ndi 95 nthawi zambiri amasonyeza kuti makina awiriwa sakugwirizana pa mtundu wa SMB. Lamulo la `sudo dmesg | tail` limafotokoza zambiri kuposa uthenga waufupiwo.

Pa 112 ndi 95 anthu ambiri adzakuuzani kuti muwonjezere `vers=1.0`. Zimagwiradi, koma dziwani chimene mukutsegula. SMB1 ndiyo inali ndi chiboo chimene vairasi ya WannaCry inadutsira mu May 2017. Chaka chomwecho, kuyambira pa kernel 4.13, Linux inasiya kuyamba ndi SMB1, ndipo Samba inaizimitsa mu 2019 pa mtundu wa 4.11. Yesani kaye `vers=3.0`, kenako `vers=2.1`, kenako `vers=2.0`. Ngati NAS yanu kapena rauta yokhala ndi polowetsa USB ikungomva SMB1, lowani mu zosintha zake muone ngati mungayatse SMB2, kapena muike firmware yatsopano. Chofunika kukonzedwa ndi sevayo.

5. Umwini wa mafayilo

Pano ndi pamene malangizo ambiri amangodutsa, koma ndi pamene anthu amathera maola. Mount yatheka, mafayilo akuoneka, pulogalamu ikuwatsegula. Mukati musunge, ikuti Permission denied. Lembani `ls -l /mnt/mafayilo` muone: mzere uliwonse ukuti `root root`.

Pakati pa inu ndi fayilo ya pa seva pali zipata ziwiri, chilichonse ndi mlonda wake, ndipo alondawa safunsana. Mlonda wa pa seva amangoyang'ana dzina limene lili mu `.smbcred` ndi zimene dzinalo linaloledwa kuchita. Mlonda wa pa kompyuta yanu amayang'ana mwini wa fayilo monga mmene Linux ikumuonera. Vuto ndi loti seva ya Windows sidziwa manambala a akaunti za Linux, choncho pochita mount Linux imangopeka mwini. Mukapanda kuiuza kanthu imaika root, ndipo ena onse imawalola kuwerenga kokha. Seva ikhoza kukhala kuti inakulolani zonse, koma kompyuta yanu yomwe ikukubwezani musanafike n'komwe kumeneko.

Nayi njira yodziwira chipata chimene chatseka. Yesani kupanga fayilo kawiri:

`touch /mnt/mafayilo/kuyesa1.txt`
`sudo touch /mnt/mafayilo/kuyesa2.txt`

Loyamba likakanika koma lachiwiri n'kutheka, vuto lili pa kompyuta yanu ndipo mulikonza pompano. Onse awiri akakanika, ndi seva imene ikukana, ndipo palibe chimene mungalembe mbali yanu choti chisinthe zimenezo. Pitani kwa woyang'anira sevayo akupatseni chilolezo cholemba. Pa Windows akumbutseni kuti malo ndi awiri, Sharing ndi Security, ndipo onse ayenera kulola.

Pokonza mbali yanu, masulani kaye, kenako mangiriraninso mukutchula mwini:

`sudo umount /mnt/mafayilo`
`sudo mount -t cifs //192.168.1.20/mafayilo /mnt/mafayilo -o credentials=/root/.smbcred,uid=1000,gid=1000,file_mode=0660,dir_mode=0770`

Manambala a `uid` ndi `gid` atengeni pa zimene lamulo la `id` lakuonetsani. Pakati pa zosankhazo pali zizindikiro za `,` zokha, palibe mpata. Tsopano `ls -l` ionetsa dzina lanu.

Musataye nthawi ndi `chown` kapena `chmod 777` pa foda imeneyi. Mukazichita musanamange, zimakwiririka mount ikachitika. Mukazichita mutamanga, sizisintha chilichonse chokhalitsa, chifukwa mwini amene mukumuonayo ndi wongoikidwa pa nthawi ya mount, sanalembedwe pa sevapo. Ichi ndicho chimasiyanitsa foda ya pa seva ndi foda ya pa hadi disiki yanu, ndipo mukachimvetsa mavuto ambiri a chilolezo amatha okha.

Pali chinthu china choti muchiganizire ngati kompyutayo mumagwiritsa ntchito anthu angapo. Aliyense wolowa mu `/mnt/mafayilo` seva imamuona ngati munthu wa mu `.smbcred`. Mnzanu akafufuta fayilo, pa seva palembedwa dzina lanu. N'chifukwa chake ndaika 0660 ndi 0770, zimene zimatsekera kunja aliyense amene si inu kapena wa m'gulu lanu. Ngati mukufuna kuti aliyense azilowa ndi dzina lake, ilipo njira ya `multiuser`, koma imafuna kukonzekera kwina ndipo imakomera malo a ntchito okhala ndi Kerberos.

Ngati seva yanu imagawa ndi NFS, chilankhulo china chogawanirana mafayilo m'malo mwa SMB, nkhani ya umwini ndi yosiyana. Kumeneko `uid=` sigwira, chifukwa seva imatumiza manambala enieni a eni mafayilo, ndipo nambala yanu iyenera kufanana mbali zonse ziwiri.

6. Ikhale yokhazikika

Lamulo lapamanja likagwira, ndipo mwatha kulemba fayilo opanda `sudo`, masulani ndi `umount`. Koperani fayilo yakale musanaikhudze:

`sudo cp /etc/fstab /etc/fstab.kale`

Tsegulani `/etc/fstab`, ndipo pansi penipeni onjezani mzere umodzi wosaduka:

`//192.168.1.20/mafayilo /mnt/mafayilo cifs credentials=/root/.smbcred,uid=1000,gid=1000,file_mode=0660,dir_mode=0770,nofail,x-systemd.automount,x-systemd.idle-timeout=300,x-systemd.mount-timeout=10,x-gvfs-show 0 0`

Mbali yofunika kwambiri ndi `x-systemd.automount`. Popanda imeneyi kompyuta imayesa kumanga fodayo pamene ikuyaka, nthawi imene Wi-Fi mwina sinalumikizike, ndipo ikalephera siyesanso. Apa ndi pamene pamachokera dandaulo loti dzulo zinkayenda. Mukaiika, kompyuta imadikira mpaka pulogalamu ina itagogoda pa fodayo, ndiye n'kulumikiza. Nambala 300 ikutanthauza kuti pakapita mphindi 5 fodayo isakugwiritsidwa ntchito, imasulidwe yokha, zimene zimathandiza kwambiri pa laputopu yoyenda nayo. Nambala 10 ndi masekondi oti idikire seva isanagonje. `nofail` imaletsa kompyuta kuima poyaka chifukwa choti seva kulibe, ndipo `x-gvfs-show` imaonetsa fodayo m'mbali mwa Files ndi pa zenera la Open.

Dzina la foda yogawana likakhala ndi mpata, mu fayilo iyi mpatawo umalembedwa `\040`. Foda yotchedwa "Za Ofesi" ikhala `Za\040Ofesi`.

Musayambe mwazimitsa kompyuta. Yesani kaye:

`sudo findmnt --verify`
`sudo systemctl daemon-reload`
`sudo systemctl start mnt-mafayilo.automount`
`ls /mnt/mafayilo`

Tsiku limene mudzasinthe pasiwedi ya pa seva, mudzasinthenso mu `.smbcred` nthawi yomweyo. Mukaiwala, kompyuta idzapitiriza kugogoda ndi pasiwedi yakale, ndipo malo ambiri a ntchito amatseka akaunti ikalephera kangapo. Imene munauza Files kuti ikumbukire imasungidwa padera, mu Passwords and Keys pa GNOME kapena KWallet pa KDE, ndipo nayonso iyenera kuchotsedwa.

7. Pulogalamu imodzi yokha ikakanabe

Zonse zili bwino, Terminal ikuona, Files ikuona, koma pulogalamu imodzi ikuti fodayo mulibe kanthu kapena kulibe. Funsani kuti pulogalamuyo munaiika bwanji. Mapulogalamu a Flatpak ndi Snap amayenda motsekeredwa, amangoona mafoda amene analoledwa. Lembani `flatpak list` ndi `snap list` muone ngati ili pamenepo. Ambiri sadziwa kuti ali nayo yotere, chifukwa pulogalamu yoikira mapulogalamu siiwauza momveka. Mwachitsanzo, kuyambira pa Ubuntu 21.10, Firefox imabwera ngati Snap.

Pa Flatpak, onani zimene yaloledwa, kenako itsegulireni foda imodzi yokhayo (m'malo mwa `org.gimp.GIMP` lembani dzina la pulogalamu yanu):

`flatpak info --show-permissions org.gimp.GIMP`
`flatpak override --user --filesystem=/mnt/mafayilo org.gimp.GIMP`

Ngati mukugwiritsa ntchito njira ya GVfs ija, m'malo mwa `/mnt/mafayilo` lembani `xdg-run/gvfs`. Amene sakonda Terminal angachite zomwezi ndi pulogalamu ya Flatseal. Tsekani pulogalamuyo kotheratu n'kuitsegulanso, apo ayi sizioneka kuti zasintha.

Pa Snap simungatchule foda iliyonse imene mwafuna. Pali chilolezo chotchedwa `removable-media` chimene chimatsegula `/mnt`, `/media` ndi `/run/media` (pa `dzina` lembani dzina la pulogalamuyo):

`snap connections dzina`
`sudo snap connect dzina:removable-media`

Ichi n'chifukwa chake ndinasankha `/mnt` poyamba paja. Mukanamanga pa foda yongopeka nokha ngati `/seva`, Snap sikanaiona ngakhale mutatani. Cholozera cha `ln -s` sichithandizanso pano, chifukwa pulogalamu imachitsatira n'kukagunda khoma lomwelo.

Chizindikiro china cha vuto lomweli ndi ichi: fayilo imodzi imatseguka, koma zinthu zimene fayiloyo imadalira, monga zithunzi za m'foda yoyandikana nayo, sizikupezeka, ndipo njira yake ikuoneka yoyamba ndi `/run/user/1000/doc`. Pamenepo zenera la Open lapatsa pulogalamuyo fayilo imodzi yokha imene munasankha, osati foda yonse. Mankhwala ake ndi `override` yomweyo.

8. Zimene simuyenera kuika pa foda yogawana

Mapulogalamu amene amasunga zinthu zawo mu database ya SQLite sagwirizana ndi mafoda a pa netiweki. Opanga Calibre amachenjeza okha kuti laibulale yake isaikidwe pa malo otere. Mukaona uthenga woti database is locked, mudzapeza olangiza kuti muwonjezere `nobrl`. Chimene imachita ndi kusiya kuuza seva kuti mbali ina ya fayilo ili m'manja mwanu. Uthengawo umathadi, koma makompyuta awiri akalemba nthawi imodzi fayiloyo imaonongeka popanda chenjezo. Database ikhale pa disiki ya kompyuta yanu, ku seva muzitumizako kope lake.

LibreOffice ikati kalata ili m'manja mwa wina chonsecho palibe amene waitsegula, dinani Ctrl ndi H mu Files muone mafayilo obisika. Mupeza kafayilo koyamba ndi `.~lock.` kamene kanatsalira pulogalamu itatsekeka mwadzidzidzi. Funsani anzanu kaye, mukatsimikiza kuti palibe amene akulembamo, kafufuteni.

Pofufuta china chilichonse pa seva musadalire Trash. Nthawi zambiri fayilo imapitiratu, ndipo Windows siika mu Recycle Bin zinthu zofufutidwa kudzera pa netiweki. NAS zambiri zili ndi bini yawoyawo, koma imafuna kuti wina aiyatse.

Netiweki ikaduka muli pakati pa ntchito, pulogalamu ikhoza kuuma kwa kanthawi. Musazimitse kompyuta ndi batani. Dikirani pang'ono, ndipo seva ikabwerera sungani ntchito yanu. Ikapanda kubwerera, sungani kope m'foda ya Home ndi Save As, kenako masulani ndi `sudo umount -l /mnt/mafayilo`.

Mukatsata zonsezi koma n'kukanikabe, pofunsa thandizo tumizani zinthu zisanu: mtundu wa Linux yanu, zimene `smbclient -L` yayankha, zimene `findmnt -t cifs` yaonetsa, mizere yomaliza ya `sudo dmesg | tail`, ndiponso ngati pulogalamuyo ndi ya Flatpak, ya Snap kapena yoikidwa ndi `apt` kapena `dnf`. Fayilo ya `.smbcred` yokha musatumizire munthu aliyense.